Dzanja la Chimphona ku South Bend

Loweruka madzulo mwezi wa Okutobala, South Bend yense amanunkhira nyama yootcha. Masewero a mpira wa Chimereka a yunivesite ya Notre Dame atha dzuwa likanalipo, khamu la anthu oposa 77,000 lakhuthuka m'bwalo, magalimoto akungokwawa. Koma mpira wa makoleji sukutha msanga tsiku limeneli. Wina ukatha wina wayamba, ndipo paliponse pamene pali kanema anthu akhazikapo maso, ngakhale pamalo ochapira zovala. Bwerani muime pambali panga pano, pafupi ndi makina oumitsira, chifukwa pabenchi yakutsogoloyo pakumveka Chichewa ndipo mkangano wake wafika pokoma.

Musadabwe nazo. M'tauni ino ya ku Indiana muli Amalawi ambiri, ena ali kutsidya kwa malire ku Michigan, cha ku Berrien Springs komwe kuli Andrews University ya a Sabata. Dzuwa likalowa Loweruka, mabasiketi a zovala amatuluka m'nyumba zambiri nthawi imodzi.

Pabenchipo pali madala ena a chipewa chaubweya, kolona ikusuzumira pakhosi, avala kale yunifolomu ya ntchito yausiku. Pambali pawo pali mphwawo, chinyamata cha kusekondale chimene chadya theka la benchi chokha. Chapatali pang'ono mayi wina akupinda matawulo, akuoneka ngati sizikuwakhudza, koma khutu latchera.

Pakanema, quarterback, mnyamata amene amaponyera anzake mpira uja, walandira, wabwerera mapazi atatu, wauponya. Phaa! Dzanja lalikulu latulukira pakati pa chipwirikiti, mpira uli gubudu pansi usanayende n'komwe.

"Kachitatu tsopano!" Madalawo adzimenya pantchafu. "Mfana ameneyu ndi wamfupi basi. Amuchotse. Ungaponye bwanji uli kuseri kwa zimphona?"

"Ayi ankolo, si msinkhu."

"Nanga n'chiyani? Iwe ukuona bwino kuposa ine?"

Chinyamata chija chaseka chamumtima, chikupukusa mutu pang'onopang'ono monga achitira ana oleredwa bwino akafuna kutsutsa wamkulu osamuchititsa manyazi.

Kupsa mtima kwa ankolowo n'komveka. Timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, ndipo mpira wopamanthidwa chotere wadya mpata umodzi popanda chopindula. Kugwa pansi ndiye mwayi. Nthawi zina umanjanja m'mwamba n'kuyamba kuzungulira, aliyense akuulimbirana, ndipo lamulo limati mpira ukangokhudzidwa chonchi, mlandu wosokoneza wowakha sukhalaponso. Otchinga amakhala omasuka kumugunda. Mipira yambiri yolandidwa imayambira pa nsonga za zala za munthu amene sanaganizepo zowakha.

"Ankolo," chayamba chinyamata, "si inu mumatisimbira za 1913?"

Madala aja awongola msana. Nkhani imeneyo ndi yawo, ndipo aiwala kuti ali pamkangano. Akusimba mmene anyamata awiri a Notre Dame, Gus Dorais ndi Knute Rockne, anathera chilimwe akuponyerana mpira pamchenga ku Cedar Point, m'mbali mwa nyanja ya Erie. Akusimba mmene anapitira ku West Point pa 1 Novembala n'kukagonjetsa timu ya Army 35 kwa 13, akuuponya mpira pamwamba pa mitu ya asilikali amene anazolowera kugundana kokhakokha. Kuponyera kutsogolo kunali kutaloledwa mu 1906, koma ambiri ankakuona ngati chinthu chochita ukasowa pogwira. Dzanja la madala likujambula uta m'malere, mpira wosaoneka ukukatera pafupi ndi makina ogulitsa sopo.

"Ndiye Dorais anali wamtali bwanji, ankolo?"

Zii. Dorais anali wa mamita 1.70 okha. Madala akanda kunsi kwa chipewa.

"Zimphona za nthawi imeneyo sizinali ngati izi," atero potsiriza, ndipo apa alasa. Masiku ano anyamata a pamzere wakutsogolo m'makoleji akuluakulu amafika makilogalamu 135, ena kuposa, ndipo ambiri atalika kupitirira mamita 1.90. Wotereyo akatambasula mkono n'kudumphako pang'ono, mpanda wake ndi wautali zedi. Koma ndi pomwepo pamene mfundo ya msinkhu imayamba kutsimphina. Ngakhale woponya wamtali sangaudutsitse mpira pamwamba pa dzanja lokwezedwa mapazi awiri patsogolo pake, pokhapokha aulekerere m'mwamba ngati mpira wa ana, umene otchinga akumbuyo amaudikirira mosangalala. Mpira wabwino umadutsa m'mipata ya pakati pa matupi, ndipo mipata imeneyo imatseguka n'kutsekeka m'kuphethira kwa diso.

Chinyamata chatchula Drew Brees. Ameneyo anasewera pafupi pompano, ku Purdue, ku West Lafayette m'chigawo chomwe chino, n'kuifikitsa timuyo ku masewero a Rose Bowl mu Januwale 2001. Msinkhu wake ndi mamita 1.83, umene pa ntchito imeneyi amati ndi wochepa. Chatchulanso Doug Flutie wa Boston College amene anatenga mphoto ya Heisman mu 1984, Kyler Murray wa Oklahoma mu 2018, Bryce Young wa Alabama mu 2021, onse osafika n'komwe pa msinkhu wa Brees. Kenaka chaimirira, benchi yapuma, ndipo chayamba kusonyeza. Phazi lamanja tsee kumbali, lamanzere kulondola, chibwano m'mwamba, zidendene zosagunda pansi. Theka la sitepe basi.

"Brees ankachita chonchi. Sankathawa ayi. Ankangosuntha pang'ono kuti apeze windo. Uyu waima malo amodzi ngati wamera mizu, ndiye onani chigongono chake. Akuutulutsira m'mbali, pafupi ndi khutu. Akanautulutsira pamwamba apa." Dzanja lake latsala pang'ono kugunda nyale.

Apa m'pamene mayi wa matawulo walephera kupirira.

"Pepani bambo, ndilowerereko. Mwanayu akunena zoona, koma wasiya chachikulu. Ndi maso."

Onse atembenuka. Mayiyo waika tawulo paphewa.

"Ine ndinkasewera ntchemberembaye kusekondale, kumbuyo, GD. Lamulo limati uime masentimita 90 kuchokera kwa wogwira mpira, ndiye ukweze manja. Ine sindinkayang'ana mpira ayi. Ndinkayang'ana maso ndi phewa. Mtsikana akangomuyang'anitsitsa mnzake, ndadziwa kale kolowera. Uyu wa pakanemayu chilandirireni mpira akungoyang'ana kumanzere. Ngakhale ine ndili ku matawulo kuno ndikudziwa kumene akuponya."

"Anti mwalasa!" Chinyamata chawomba m'manja kamodzi. "Ndi zomwe akochi amawauza otchinga. Ukaona kuti sufika kwa woponya, leka kulimbana, yang'ana maso ake. Dzanja lamanzere likangochoka pampira, kweza ako."

Ndakhala ndikuganiza za mawu amenewo zovala zanga zikuzungulira. Mpira wopamanthidwa kawirikawiri umachokera kwa munthu amene walephera ntchito yake yoyamba. Anatumidwa kukagwetsa woponya, wapeza khoma, nthawi yamuthera, poti zonsezi zimachitika m'masekondi awiri kapena atatu. M'malo motaya mtima waima, wawerenga nkhope ya mnzake, wayerekeza njira ya mpira, wakweza mkono pa nthawi yake. Ena anasandutsa zimenezi luso lenileni. J.J. Watt, amene anasewera ku Wisconsin, anatchinga mipira 16 m'chaka cha 2012 ali ku Houston Texans, chiwerengero chimene chimayembekezeka kwa othamanga akumbuyo osati kwa chimphona cha pamzere. Ndipo kasewero ka makoleji masiku ano kakuwapatsa otere mwayi wochuluka. Matimu ambiri amakonda mipira yaifupi yothamanga, yoponyedwa mosakweza, woponya atangolandira. Mpira wautali umanyamuka chokwera n'kulambalala manja. Waufupi wodutsa pakati umayenda chafufumimba pa msinkhu wa chisoti, ndipo otchinga akaona kanema wa masewero apitawa amadziwa kuti timu iyi ikaima mwakutimwakuti, mpira ukutuluka pa sitepe yachitatu. Amadumpha mowerengera, ngati akuvina nyimbo yoidziwa.

Koma chimene chandikhudza kwambiri chabwera pambuyo, chinyamata chitakhalanso pansi n'kutsitsa mawu.

"Komanso ankolo, mlandu wina ndi wathu."

Iye amasewera pamzere, m'gulu la asanu aja oteteza woponya, amene wolengeza samawatchula pokhapokha akalakwa. Akuti mpira ukapamanthidwa, Lolemba kochi samayamba ndi woponya. Amaimitsa kanema n'kufunsa kuti manja a munthu uyu anakwera bwanji iwe uli naye. Ntchito yawo pa mipira yaifupi ndi kumukanikiza wotchinga pachifuwa osamupatsa mpata wopuma, chifukwa munthu amene akukankhidwa sangadumphe, ndipo akayesa kudumpha umamugunda pamimba kuti ulendo wina aganize kawiri. Ena amamugwera m'miyendo kuti manja atsike okha, ngakhale malamulo a makoleji achepetsa kwambiri malo ochitira zimenezo poopa kuthyola mawondo. Chinanso ndi kusabwerera m'mbuyo. Atatu apakati aja akakankhidwa mpaka kufika pamapazi a woponya, dzanja limene likanakhala kutali limakhala pamphuno pake. N'chifukwa chake New Orleans Saints, Brees ali kumeneko, inkasunga zimphona zolimba pakati, monga Jahri Evans ndi Carl Nicks, kuti kutsogolo kwake kukhale koyera.

Akulankhula izi akuyang'ana zikhatho zake, zala ziwiri zomangidwa pamodzi ndi pulasitala. Ankolo aja nawonso akuziyang'ana, ndipo nkhope yawo yasintha. Ndikukhulupirira kuti pa masewero onse amene aonera, maso awo akhala akutsatira mpira, monga tichitira tonse, osaona nkhondo ya manja imene mwana wa mlongo wawo amamenya sabata ndi sabata.

"Ndiye ukuti mfana uja asachotsedwe?"

"Aphunzire kunamiza ndi maso, ankolo. Ayang'ane kumanja, aponye kumanzere. Kapena anamizire kuponya, chimphona chidumphe, iye adutsitse pansi pa mkhwapa. Akachita kawiri, manja aja atsika okha."

"Mmm." Madala sakuvomera msanga. "Komabe akanakhala wamtaliko pang'ono, sizikanaipa."

"Sizikanaipa," wavomera mayi uja akuseka, "koma kochi sangamuphunzitse kutalika."

Makina alira, zovala za ankolo zauma. Akuzilonga mwachangu m'thumba, diso lina kuwotchi, poti ntchito ikuyamba posachedwa ndipo misewu sinatseguke bwino. Pakanema timu ija yabwereranso. Chinyamata chagwira mkono wa ankolo ake n'kuloza, osati kwa woponya, koma kwa wovala nambala yaikulu kumanzere kwa mzere.

"Muoneni uyo yekha. Musayang'ane mpira."

Mpira watuluka. Wa nambala yaikulu uja wamulowa mnzake pachifuwa ndi manja onse awiri, wamukweza pang'ono, wayenda naye. Mpira wadutsa paphewa pawo n'kukagwera m'manja mwa wowakha, mayadi 12.

"Eee!" atero madala, thumba lili m'manja. "Wamugwira ngati ali naye ngongole! Iwe, Lachisanu likubwerali mukusewera nthawi yanji? Ndipempha kusinthana shifiti. Undiuze nambala yako ndi mbali imene umaima."