Kompyuta Yabisa Nambala, Tchulani

Woyamba kuphunzira kulemba mapulogalamu amapatsidwa kamasewera aka: kompyuta ibise nambala pakati pa 1 ndi 100, munthu azitchula, iyo iziyankha kuti "kwezani" kapena "tsitsani" mpaka alase. Mu Python, chilankhulo chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, timizere tochepa timakwana. Tochepa, koma tagwetsa anthu.

Mnyamata wina anaika random.randint, mzere wosankha nambala, mkati mwa loop, gawo lobwerezabwereza, m'malo mouika pamwamba. Ndiye munthu akangotchula, kompyuta inkasankhanso nambala ina. Mchemwali wake atchula 50: "Tsitsani." Atchula 49: "Kwezani." Mtsikana uja anamuyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, makinawa mwawaphunzitsadi ndinu. Za ndalama yanga ija mumayankhanso chonchi."

Wina anaitana agogo ake kuti ayese. Agogo, anthu a sukulu yakale, analemba mwaulemu m'mawu: makumi asanu. Python ikauzidwa kuti isandutse zolembedwa kukhala nambala imafuna manambala enieni, choncho inangolavula ValueError ndi kuima. Agogo anavula magalasi. "Iwe, ameneyu ndi mwana wa ndani? Ine ndamuyankha bwinobwino, iye akundikalipira m'Chingerezi."

Woiwala break, mawu oimitsira loop, ndiye amandimvetsa chisoni. Mnzake walasa nambala, kompyuta yamuyamikira kuti "Mwapambana!", pomwepo n'kuwonjezera kuti "Tchulani nambala." Ngati wakatapila: wabweza zonse, m'mawa ali pakhomo. Amaleretsa ndi Ctrl+C.

Masewerawa ali ndi chinsinsi. Ukayamba ndi 50, kenako 25 kapena 75, n'kumadula pakati zotsalazo, sungapitirire maulendo 7. Mtsikana wina m'kalasi ina anazindikira zimenezi, nayamba kubetcha mandasi ndi anyamata. Anadya sabata yonse. Kenako kunabwera kamnyamata kaphee, kolasa ulendo woyamba, mobwerezabwereza. Mphekesera inafala kuti kanatemera kwa agogo ake kumudzi. Ena anayamba kukasiyira mpando.

Aphunzitsi atasuzumira anapeza kuti wolemba pulogalamuyo, poiyesa, anaikamo mzere wa print woonetsa nambala yobisikayo, n'kuiwala kuuchotsa. Nambala inkaoneka pamwamba penipeni, poyera.

"Nanga enanu simunkaiona?"

"Tinkaiona, aphunzitsi. Timayesa ndi msampha."