Mlenje wonjenjemera wa ku Wisconsin

Novembala aliyense ku Wisconsin, m'dziko la America, alenje oposa theka la miliyoni amavala malaya amtundu wa lalanje n'kulowa m'nkhalango masiku 9 kukasaka nswala za mchira woyera. Mfuti ndi zodula, nsapato ndi zodula, koma chovuta ndi mwini wakeyo. Bambo amakhala pakampando m'mwamba mwa mtengo kuyambira mbandakucha, chisanu chikumuluma. Tonde wa nyanga akangotulukira, mtima uja phaphapha, manja njenjenje, chipolopolo n'kukalasa mtengo wosalakwa. Pofika kunyumba akuti inali mphepo.

Mphepoyo ili nawo mlandu ndithu, kungoti wina: imanyamula fungo la munthu, la fodya ndi khofi lomwe, n'kukalitula pamphuno pa nswala. Ochenjera amayamba awaza kaufa m'mwamba kuti aone kolowera mpweya asanakhale. Ena poyeserera amathamanga kaye mpaka befu, kenako n'kuwombera chandamale, kuti manja azolowere mtima wogunda. Za foni tisanene, nyama zambiri zadutsa pansi pa mlenje iye ali pa Facebook. Nanga uja wosinza mumtengo osadzimangirira lamba? Amatsika msanga kuposa mmene anakwerera.