Tsiku limene foni inandilankhulira pa chinkhoswe

Ine m'dera lathu ndinali munthu wodziwika. Ankanditchula kuti alembi. Wofuna kalata yofunsira ntchito ya ulonda, yopempha ngongole ku banki mkhonde, kapena yopepesa kwa apongozi, ankafika pakhonde panga atanyamula pepala lothothola pakati pa kope. Malipiro sanali okhumudwitsa. Pena mbale ya mtedza, pena botolo la Fanta, ndipo chaka china wina anandipatsa tambala wathunthu kalata yanga itamupezera mkazi. Mkaziyo anathawa patangotha miyezi itatu, koma tambala tinali titadya kale.

Lero pakhondepo pamagona galu basi. Makasitomala onse anasamukira kwa mwana wa mlongo wanga, kamnyamata ka Fomu 3 kolemba ngati nkhuku yapalasa. Kali ndi foni yosweka galasi, ndipo m'fonimo muli chimene akuchitcha AI, nzeru zochita kupanga. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, zinthu zamtunduwu zachuluka ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Ukangolemba kuti ukufuna kalata ya ulonda, miniti isanathe kalata yabwera, ya Chingerezi chonenepa choti bwana wolemba ntchitoyo ayambe wafuna dikishonale.

Nditafunsa kuti m'fonimo mwakhala ndani, kamnyamatako kanaseka. "Malume, mulibe munthu. Chinthuchi chinameza zolembedwa zambirimbiri za pa intaneti, ndiye chimangolosera liwu loyenera kutsatira linzake. Chimalankhula mokoma, koma nthawi zina chimanama osaphethira." Ndinati ngati ndi choncho, chikapereke makalata ku MEC, chiime nawo pa chisankho chikubwerachi.

Musandiyese mdani wa makina. Mu 2017 ndinaima padzuwa kujambulitsa chiphaso cha unzika pamodzi ndi Amalawi anzanga oposa 9 miliyoni, ngakhale kuti pachithunzipo ndinatuluka ngati wakuba mbuzi wogwidwa mbandakucha. Mu 2018 ndinalembetsa simu khadi. Mu 2020 feteleza wotsika mtengo tinayamba kugula ndi chiphaso chomwecho. Ndalama zotumiza kumudzi, zomwe kale tinkapatsira kondakitala wa basi uku tikupemphera, lero zimafika pa foni usanamalize n'komwe kudandaula kuti zinthu zavuta.

Koma makinawa anabweranso ndi mawu atsopano. Kale mkulu wa mu ofesi akafuna kukadya chamasana ankati fayilo yasowa. Lero amati sisitimu yagwa. Tsiku lina ndinakhala pabenchi ya ofesi ina kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa kupendeka, kudikira netiweki ngati mvula ya mu Okutobala. Chodabwitsa, kwa amene ankalowera khomo lakumbuyo dzanja lili m'thumba, sisitimuyo inkadzuka yokha popanda sing'anga. Ndipo musaiwale kuti mu 2019, makompyuta ali mbwee, chimene chinagwedeza chisankho cha pulezidenti chinali kabotolo ka Tipp-Ex, mpaka oweruza asanu anathetsa chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Makina sadya chiphuphu, zoona, koma amene amawagwira ali ndi m'mimba.

Tsopano imvani mmene ndinadzigwetsera ndekha. Mdzukulu wa achimwene anga anali ndi chinkhoswe, ndipo banja linandisankha kuti ndikalankhule mawu a uphungu. Ine alembi, amene ndalangiza maanja osawerengeka, ulesi unandigwira. Ndinaitana kamnyamata kaja usiku, n'kukauza kuti chinthu chake chija chindilembere mawu m'Chichewa. Kanandichenjeza kuti Chichewa cha chinthucho n'chotsimphina, chifukwa zolembedwa zachinenero chathu n'zochepa pa intaneti. Mayi wa kunyumba nawonso anati, "Abambo, muyambe mwawerenga." Ndinayankha kuti munthu wophunzira sachita kuyeserera ngati kwaya. Safunsa anadya phula.

Tsikulo ndinavala jekete yanga ya maliro ndi maukwati omwe. Amayi analuluta, wosewera nyimbo anatsitsa phokoso, ine n'kukonza magalasi, foni m'manja. Ndinayamba ndi mawu amphamvu: "Ndithudi! Nawa mawu abwino omwe mungalankhule pa mwambo wanu." Anthu anayang'anana. Ndinapitiriza molimba mtima: "Lero ndife osangalala kuona mwana wathu wokondedwa, ikani dzina la mkwatibwi apa, akulowa m'banja ndi, ikani dzina la mkwati apa."

Kunagwa bata loti ukanamva nyerere ikutsokomola. Ankhoswe akuchimuna anagwira pakamwa. Mkwatibwi, yemwe mwamwambo ayenera kuwerama mwaulemu, mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ine thukuta lili kamukamu, koma munthu ukalowa m'madzi umangowoloka. Ndinawalangiza anawo kuti chaka chilichonse azipita kutchuthi kunyanja ndiponso kuti azidyera limodzi chakudya chamadzulo pa kuwala kwa makandulo. Gogo wina kumbuyo anakuwa kuti zamakandulozo tikuchita kale magetsi akathima.

Kenako ndinafika pamzere womaliza, n'kuuwerenga mokweza ngati dalitso la abusa: "Ngati mukufuna, ndingathe kuwafupikitsa mawuwa." Khamu lonse linayankha pamodzi ngati mumpingo: "Fupikitsani!"

Amene anapulumutsa mwambo ndi azakhali a mkwatibwi, mayi woti sukulu analekera Sitandade 4. Anaimirira opanda pepala, n'kuwauza anawo kuti banja ndi kupirira, ndalama musamabisirane, ndipo mukayambana musamathamangire kulemba pa WhatsApp, ankhoswe alipo. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Ine ndinakhala pansi, n'kumayerekeza kuti ndikufuna china chake m'thumba la jekete.

Pobwerera, mayi wa kunyumba sanandinyoze. Anangonena kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, kenako n'kufunsa ngati chinthu chija chingathenso kupalira m'munda mwa chimanga, poti alembi ntchito yawathera. Mpaka lero ana a m'dera lathu akandiona amanong'onezana kuti, "Awo akubwera apowo ndi a Ikani Dzina Apa."

Foni sindinaitaye. Ikundithandiza kuwerengetsera ngongole za ku banki mkhonde, ndipo masamu ake ndi abwino kuposa anga. Koma inu owerenga, kaya ndinu ankhoswe, aphunzitsi, akalaliki a boma kapena anduna, makina akakulemberani chinthu muyambe mwachiwerenga musanaimirire pagulu. Foni ilibe nkhope. Manyazi onse amagwera amene waigwira.