Ndinagula Tikiti ya Sitima, Iwo Akuti Basi

Kwathu kukwera sitima sikunkafuna sukulu. Ukakwera pa Limbe unkadziwa kuti ikadutsa pa Nkaya, ndipo ukagona tulo wokudzutsa anali mayi wogulitsa nthochi pawindo. Njanji inali imodzi, ngakhale mbuzi sikanasochera. Ndiye nditafika kuno ku Mangalande ndinkadzitenga ngati katswiri wa za sitima, mpaka Lamlungu lina limene linandichotsa matama.

Kunali chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga ku Manchester, ife tikukhala ku Reading. Matikiti ndinagula ndekha, otchipa, poti ndalama za mashifiti ausiku sizimwazidwa ngati za pa perekaniperekani. Pansi pa tikitiyo panali timawu titatu, Not via London, kutanthauza kuti mu London usapondemo. Ndinatiwerenga ndi diso limodzi, monga timachitira ndi zolemba za pa botolo la mankhwala.

Tsono kuno njanji amakonda kuikonza Loweruka ndi Lamlungu, pa Isitala ndi pa Khirisimasi, pamene anthu opita kuntchito achepa. Tsikulo njira yathu yodzera ku Oxford inali yotseka. Chikwangwani chinati titsike pa Didcot, tikwere basi yomwe aika m'malo mwa sitima, tikapeze sitima ina kutsogolo. M'basimo tikiti yomweyo imagwira ntchito, osawonjezera kanthu.

"Bambo a ana, tiyeni tingokwera basiyo," anatero amayi a kunyumba.

Ine basi? Munthu woti ndinatsanzikana ndi maminibasi a ku Ndirande, ndidzakwerenso basi nditalipira sitima? Ndinawafotokozera mwaulemu kuti mlamu wanga anandiuza kuti njanji ikatsekedwa malamulo onse amagona, munthu umadutsa kumene wafuna. Mlamu ameneyu ndi yemwe anandisankhira galimoto ija yamera ndere pakhomopa, koma pa nthawiyo zimenezi sindinazikumbuke. Amayi sanatsutse. Anangotenga poto wa nyama, nkulowera njira yawo.

Zoona zake ndinazidziwa mochedwa. Chigawireni sitima kwa makampani m'zaka za m'ma 1990, kuli buku lotchedwa National Routeing Guide, lomwe linatuluka mu 1996. Limanena njira zimene tikiti iliyonse ikuloledwa kudutsa, ndipo lili ndi mamapu, matebulo ndi mndandanda wautali wa zololeza mwapadera. Amene analimaliza kuwerenga ayenera kupatsidwa ufumu. Nthawi zina amalengezadi kuti lero a matikiti otchipa adutsire kwina, koma chilolezocho chimakhala cha tsiku lomwelo ndi njira yomwe atchulayo. Mlamu wanga anachipeza kamodzi, nkuchisandutsa malamulo a dziko.

Ndinakwera sitima yothamanga ya ku London, miyendo nditaisanja ngati bwana. Pa siteshoni ya Paddington ndinaponya tikiti m'kamakina ka pageti. Kanailavula. Ndinaipukuta pa jekete, ndinaiuzira mpweya, ndinaiponyanso chozondotsa. Kanailavulanso, uku kumbuyo kwanga mzere ukutalika ngati wa pachigayo.

Kunabwera mtsikana wa yunifolomu, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Sanandikalipire ayi, chomwe chinandipweteka koposa. Anangoika chala pa timawu titatu tija, nkundiyang'ana. Ndinayamba kumufotokozera za mlamu wanga, Chingerezi nkundithawa pakati panjira. M'mutu munali mapaundi 100, chindapusa chomwe anachikweza mu 2023 kwa oyenda opanda tikiti yoyenera. Mwamwayi anangondilipiritsa ndalama yosiyanitsa tikiti yanga ndi ija yolembedwa Any Permitted, yomwe ndinaikana poigula ndikuti ndi ya anthu osadziwa kusunga ndalama.

Sizinathere pompo. Tikiti yololedwa kudutsa mu London imakhala ndi kachizindikiro konga mtanda, kokulola kukwera sitima yapansi kuchoka siteshoni ina kupita ina. Yanga inalibe mtanda, mtandawo ndinausenza ndine. Ndili mkati mosokonezeka ndinakwera yolowera kolakwika, ndipo siteshoni ya Euston, yokwerera sitima ya ku Manchester, ndinaipeza patatha ola lathunthu.

Pa foni panalowa uthenga wa amayi: "Tafika Birmingham. Basi inali ndi mipando yofewa." Sindinayankhe.

Ku Manchester ndinafika ankhoswe atamaliza kale mwambo, nkhuku zitasinthanidwa, anthu akupinda mipando. Woyamba kundilonjera pakhomo anali mlamu wanga, ali ndi fupa m'manja. Ndinamufunsa kuti wabwera bwanji.

"Pa basi, alamu," anatero.