Mmene mungaphere nkhondo yolimbana ndi utsi ku Atteridgeville

Mukafuna kuti ntchito yomenyera mpweya wabwino ku Atteridgeville ife isanakwawe n'komwe, yambani ndi msonkhano. Uchitikire m'tauni ku Pretoria, pakati pa sabata, masana, m'Chingerezi chokhachokha. Anthu a m'zisakasa za ku Jeffsville ndi Brazzaville, omwe utsi umawapeza pamphasa pomwe, sadzafika. Nthawi imeneyo amakhala ali pa ganyu, ndipo ya takisi alibe.

Kenako sankhani womuloza chala, koma akhale wopanda mphamvu. Mayi wosonkha mbaula ya malasha mu June ndiye woyenera. Miyezi yozizira imeneyi mpweya wozizira umatsamira pansi usiku, utsi n'kulephera kukwera, ndiye m'mawa aliyense amauona ukuyandama pamwamba pa malata. Muuzeni mayiyo kuti akupha ana a anzake. Musamufunse ngati kunyumba kwake kunafika magetsi, kapena kuti mayunitsi amamuthera pa tsiku lanji la mwezi. Musamuonetsenso kasonkhedwe ka Basa njengo Magogo kamene kanayambira ku eMbalenhle: malasha pansi, mapepala ndi tinkhuni pamwamba, moto uziyaka motsika, utsi n'kuchepa popanda kuwonjezera ndalama. Mukamuchititsa manyazi kamodzi sadzabweranso, ndipo adzatsekereza anzake onse a mumzere mwake.

Pochita zimenezi, mbiri muiiwale. Musatchule zoti fakitale ya zitsulo ya Iscor inayamba kusungunula zitsulo kumadzulo kwa Pretoria mu 1934, ndipo mu 1939 boma linakhazikitsa Atteridgeville mbali yomweyo kuti muzikhala anthu akuda. Anthu aziganiza kuti anadzisankhira okha kukhala moyandikana ndi mafakitale.

Wotentha zinyalala mumukalipire, osawerenga masabata amene galimoto yotola zinyalala yatha isanabwere. Tsiku la zionetsero muyatse matayala pamsewu, utsi wake wakuda ulowe m'nyumba za odwala mphumu amene mukuti mukuwamenyera nkhondo.

Njira yachangu kuposa zonse ndi yogawa anthu. Nenani kuti uve wabwera ndi alendo. Anthu sanaiwale kumenyedwa kwa obwera kuno mu March 2008, ngakhalenso a Operation Dudula ataima pageti pa chipatala cha Kalafong mu 2022 n'kumabweza odwala ochokera kunja. Mawu ochepa chabe, Mmalawi, Mzimbabwe ndi wa ku Mozambique adzadzitsekera m'nyumba. Nafenso abale anga tili nalo gawo lathu. Tizingoti, "Ife ndife alendo, tinabwerera ndalama basi." Mwana akamatsokomola usiku wonse tizimugulira mankhwala kushopu, msonkhano wa khansala tiziumvera kwa aneba. Zimandipweteka kulemba izi, chifukwa mantha ake ndi enieni, koma kukhala chete kwathu kumachepetsa gulu.

Pomaliza, musalembe kalikonse. Tsiku, ola, komwe fungo lachokera, khadi la kukiliniki la mwana, zonse zizithera pakamwa. Manambala a mpweya amene boma limaika pa intaneti kudzera ku SAAQIS musawayang'ane. Motero simudzafika pamene anafika a groundWork ndi a Vukani Environmental Justice Movement in Action, omwe mothandizidwa ndi maloya a Centre for Environmental Rights anatengera boma kukhoti atanyamula umboni. Pa 18 March 2022, ku khoti lalikulu la mu Pretoria momwemuno, Jaji Colleen Collis anagamula kuti mpweya wa m'dera la Highveld Priority Area ukuphwanya ufulu wa anthu. Musawaimbire foni anthu amenewa, musawafunse mmene anayendera.

Chilichonse chimene ndatchulachi chimaphadi gulu, n'chifukwa chake ndikukudandaulirani kuti muchipewe. Gawo 24 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wa malo osawononga thanzi kwa aliyense, osati nzika zokha. Lamulo la mpweya la 2004 limalamula khonsolo iliyonse kukhala ndi ofisala woyang'anira mpweya, ndipo Tshwane, khonsolo yoyang'anira Atteridgeville, ili m'gulu lomwelo. Gulani kope, yambani kulemba utsi wa sabata ino, ndipo msonkhano wotsatira muuchitire ku Jeffsville, Loweruka, m'zilankhulo zimene anthu akumeneko amamva.