Laputopu yanu ikadali ndi moyo, mantha ndi anu

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zigamba zotetezera Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi palibe mfumu imene inaitanitsa msonkhano pa nkhaniyi, ndipo ambirife tinapitiriza kuonera mafilimu a ku Nigeria pa malaputopu athu mtima uli m'malo. Koma Windows 11, amene walowa m'malo, ndi wosankha. Amafuna purosesa ya masiku ano ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, moti makina ambiri opangidwa chaka cha 2018 chisanafike amawabweza pakhomo pomwe. Tsono tiyeni tinene zoona, abale anga. Laputopu ya mphunzitsi wa ku Malomo, ya mlembi wa kalabu ya alimi a fodya ku Madisi, ngakhale yanga yomwe ino, zinafika kuno zitatopa kale m'maofesi a anthu ena, n'kudzera ku Joni kapena ku Dubai, batire ikusunga moto wongokwanira kupereka moni. Ine, munthu wolemba ndi zala ziwiri, chachitatu chikudikirira kufufuta, ndikuti makina amenewa tisawataye, tisawabisirenso Windows wakuba. Tiwaikire Linux. Ndipo chimene chimatiletsa kutero si umbuli ayi, chifukwa umbuli sunatiletsepo kutsegula foni ndi mpeni wa kukhitchini. Chimatiletsa ndi mantha, ndi kamanyazi kofuna kuti kompyuta yathu izioneka ngati ya kwa DC.

Linux si mankhwala achilendo ofika dzulo. Mu 1991 mnyamata wina wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, analemba phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta n'kuliika poyera kuti aliyense alione, alikonze, aligawe. Phatalo linakumana ndi zida za gulu la GNU, limene Richard Stallman anayambitsa mu 1983 ndi maganizo omwewo. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yemwe uja anakwera kupita mumlengalenga mu 2002, anatulutsa Ubuntu, mtundu wa Linux wopangidwira anthu wamba ngati ife. Lero mitundu yake ndi yambiri: Linux Mint amene amafanana nkhope ndi Windows wakale, Lubuntu ndi Xubuntu amene amadya pang'ono ndipo amayenda pa makina ofooka. Mlimi wa ku Mvera sangavutike kumvetsa kusiyana kwa Linux ndi Windows. Windows ali ngati mbewu ya haibulidi, yogula m'paketi, yokolola bwino pamene pali feteleza, koma yofuna kuti nyengo ikasintha ubwererenso kusitolo. Linux ndi chimanga cha makolo: umasunga, umadzalanso, umapatsako mnansi, ndipo palibe amene akubwera kudzakufunsa lisiti. Chilolezo chake chimanena zimenezo mosabisa mawu, kuti kukopera ndi kugawa n'kololedwa.

Wotsutsa woyamba ndi amalume amene ali m'mutu mwa Mmalawi aliyense, amene amati chaulere chili ndi mbedza. Sindiwanyoza, chifukwa moyo unawaphunzitsa, ndipo inenso wina akandipatsa chinthu osatchula mtengo ndimayamba kuyang'ana kumene kuli chitseko. Koma amalumewo akulankhula izi atagwira foni ya Android m'manja, ndipo Android imayenda pa phata la Linux lomwelo. Kuyambira mu Novembala 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi, aja owerengera nyengo ndi kafukufuku wa sayansi, amayendera Linux. Kuno kwathu, a Baobab Health, amene anayambira pa chipatala chachikulu cha Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamanga makina olembera odwala ongogunda pa sikirini pogwiritsa ntchito Linux ndi mapulogalamu ena osabisa chinsinsi. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'maboma kudzera mu DHIS2, pulogalamu yaulere yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway. Ngati chinthu chakwanitsa kusunga mbiri ya odwala mazanamazana pa mzere wa chipatala, sichingalephere kusunga kalata yanga yopempha ngongole ku banki m'khonde, imene ndakhala ndikuikonza mawu oyamba chichokere nyengo ya dzinja.

Komanso tizifunsa bwino kuti chaulere chokhala ndi mbedza ndi chiti. Windows amene ali m'malaputopu ambiri kuno sanagulidwe. Anaikidwa ndi mnyamata wa pa benchi yobena nyimbo, pamodzi ndi kapulogalamu kothyola loko kamene palibe akudziwa anakalemba ndani, ndi zina zimene kanabwera nazo m'thumba. Pakona ya sikirini pali mawu otuwa aja otikumbutsa kuti sitinalipire, ndipo tinawazolowera mpaka ena timaganiza kuti ndi dzina la kampani. Kenaka pali kachilombo ka m'mafulashi kotchuka kuja, kamene kamabisa mafayilo ako onse n'kusiya zithunzi zake zokha, ndipo kamayenda kuchoka pa malo osindikizira zikalata pa Mponela kukafika pa boma la Ntchisi mwachangu kuposa minibasi. Tizilombo ta mtundu umenewu tinalembedwera Windows, tikafika pa Linux timangokhala phee, opanda chogwira. Sindikunena kuti Linux sadwala, chifukwa palibe pulogalamu yopanda chiboo. Koma zigamba zake zimabwera mwaulere, ndipo Ubuntu wa nthawi yaitali, wotuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, amasamaliridwa zaka zisanu. Amene akuganiza kuti kukhala ndi Windows wopanda zigamba ndi nkhani yaing'ono akumbukire Meyi 2017, pamene kachilombo ka WannaCry kanatseka makompyuta m'zipatala za ku Britain mpaka odwala kubwezedwa. Ngati zinawachitikira eni ndalama, ife timadalira chiyani kupatula pemphero ndi kuthima kwa magetsi?

Wotsutsa wachiwiri ndi wanzeru kuposa woyamba, chifukwa amawerenga ndalama. Akuti Ubuntu watsopano ndi wa magigabaiti oposa 5, Linux Mint ndi pafupifupi 3, ndipo bandulo ya Airtel kapena TNM sitola pansi, makamaka chichokereni kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Akuwonjeza kuti m'zigwa zina za ku Nthondo netiweki imapezeka pachulu chimodzi chokha, ndipo pachulupo pali kale mzere. Zonsezi n'zoona. Koma fayiloyo imatsitsidwa kamodzi basi. Munthu mmodzi wopita ku Lilongwe akaitsitsa, n'kuilemba pa fulashi ya magigabaiti 8 ndi kapulogalamu konga Rufus, fulashi imeneyo ikhoza kuzungulira masukulu, matchalitchi ndi makalabu a soya a chigawo chonse. Kupatsirana mafulashi ndi luso limene tinalidziwa kalekale, mpaka oimba athu ndi a COSOMA amalira nalo tsiku ndi tsiku. Apa ndiye koyamba kuti chizolowezi chathucho chikhale chovomerezeka ndi lamulo, ndipo ndikukayikira kuti mwina n'chifukwa chake sichikutikoma.

Kuika kwake nako sikufuna digiri. Mumalowetsa fulashi, mumayatsa makina, n'kumadina F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, mobwerezabwereza ndi nkhope ya munthu wodziwa chimene akuchita. Linux amadzuka kuchokera pa fulashipo osakhudza chilichonse cha m'kati, ndipo mukhoza kumuyesa kaye: kodi Wi-Fi ikugwira, mawu akumveka, kamera ikuona? Chifukwa nthawi zina, makamaka pa makina okhala ndi Wi-Fi ya Broadcom, pamafunika kutsitsa kadalaivala kena, ndipo zimenezi n'zabwino kuzidziwa musanasamuke. Malo oopsa ndi amodzi, pamene makina amafunsa ngati afufute zonse kapena akhale moyandikana ndi Windows. Ife a mtundu wanga, amene timadina batani lopitirira osawerenga kanthu ngati tikusaina kaundula wa maliro, apa ndi pamene zithunzi za chinkhoswe ndi maina a mamembala a kwaya zimapitira ulendo wosabwerera. Choncho mafayilo asungidwe kaye pena. Ndipo ntchitoyi isayambike batire ili yakufa kumwamba kukuchita mdima, chifukwa magetsi athu akathima pakati pa ntchito, laputopu imatsala yopanda Windows yopandanso Linux, mwini wake n'kumauza ana kuti ikupuma.

Wotsutsa wachitatu ndimamuopa, chifukwa mbali ina akunena zoona. Akuti dziko limalankhula Word ndi Excel, wolemba ntchito amafunsa zimenezo, ndipo ambirife tinaphunzira kompyuta poloweza pamene pali batani, osati chimene batanilo limachita. LibreOffice, amene amabwera pamodzi ndi mitundu yambiri ya Linux, amatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, koma nthawi zina mizere imasuntha, ndipo CV ya masamba awiri imakafika kwa abwana ili atatu, dzina la mboni lili lokha pa tsamba lomaliza. Mankhwala ake ndi kuisunga ngati PDF musanatumize, chinthu chimene tinayenera kumachita ngakhale pa Windows. Koma mnyamata wojambula nyimbo ndi FL Studio, wopanga makadi a ukwati ndi CorelDraw kapena Photoshop, ameneyo ndimusiya. Alipo GIMP ndi Inkscape, koma munthu sasintha zida pakati pa oda ya anthu, ndipo buledi wake ali pamenepo. Funso ndi lakuti enafe tili m'gulu limenelo ngati? Ntchito ya laputopu zambiri kuno ndi kulemba mayeso a Sitandade 8, kuwerengera mabelo a fodya opita ku Kanengo, kutsegula Facebook, ndi kutchaja foni. Tikamakana Linux chifukwa alibe Photoshop, tikulirira pulogalamu imene timangoidziwa dzina.

Patsala nkhani ya amakaniko. Akuti Windows akavuta, aliyense pa msika amadziwa chochita, nanga Linux akavuta tipita kwa yani? Choyamba, chimene aliyense amadziwacho ndi chimodzi chokha, kufomata, ndipo amakulipiritsa kuti akufufutire zinthu zako. Chachiwiri, anyamata ndi atsikana odziwa makompyuta sali kutali monga timaganizira. M'boma la Dowa lomweli muli Dzaleka, malo amene kale anali ndende ya andale, ndipo kuyambira mu 1994 ndi msasa wa othawa kwawo. Kumeneko kuli TakenoLAB, sukulu imene othawa kwawo eni ake anayambitsa yophunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu a kompyuta. Anthu amene anafika ndi chikwama chimodzi akulemba mapulogalamu, pamene ine mwini dziko, wokhala ndi munda ndi chitupa cha unzika, ndikaona kawindo kakuda kolemberamo malamulo ndimatseka laputopu n'kupita kukaona ngati mbuzi zamwa madzi. Kawindo kameneko, kunena zoona, munthu wamba pa Linux Mint akhoza kutha miyezi osakatsegula, chifukwa mapulogalamu amaikidwa podina, monga mmene timachitira pa foni. Chimene makinawo adzakufunsani kawirikawiri ndi pasiwedi, nthawi iliyonse mukafuna kuika kapena kusintha chinthu chachikulu, ndipo iyenera kukhala imene mungaikumbukire. Apa ndiye ndikuona vuto lenileni la chigawo chathu, chifukwa theka la ife tidzalemba 1234, ndipo theka linalo tidzalemba dzina la mwana woyamba n'kuiwala kuti tinayamba ndi chilembo chachikulu kapena chaching'ono.