Kalata ya kwa Atsibweni pa Nkhani ya Piyano

Johannesburg

Atsibweni anga olemekezeka,

Kuno Mwini moyo akutisunga, ngakhale chisanu cha mu June chatisandutsa nkhalamba zokhalira kuwotha mbaula.

Kalata yanu, yopempha kuti nditumize piyano ya kwaya ya kutchalitchi, ndinailandira ndi manja awiri. Koma ndaona kuti Kandimverere anakanena za m'maluwa, pakuti mbiri yakuti ine ndasanduka Davide woimbira mafumu zeze ilibe mutu. Ntchito yanga ndi yonyamula chikwama cha mzungu wina wokalamba, wochuna mapiyano m'nyumba za anthu achuma ku Houghton ndi ku Parktown, ndipo chiyambire sindinamumvepo akumaliza nyimbo ngakhale imodzi. Akafika amavundukula chilombocho, namenya pabondo kachitsulo kamphanda kamene kamanjenjemera ka 440 pa sekondi, nakatchera khutu. Pamenepo amayamba kugogoda kiyi imodzimodziyo, ndiii, ndiii, kwinaku akupotoza chikhomo cha nsambo ndi sipanala yake pang'ono zedi, moti diso silingaone kuti dzanja lasuntha. Makiyi alipo 88, koma nsambo zimapitirira 200, popeza mawu aang'ono ali nazo zitatuzitatu, ndipo ziwiri amayamba wazitseka pakamwa ndi kansalu kaubweya kufikira inzake itamvera. Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine maso a nkhonowo ndawaona, koma agalu a eni nyumba, amene sanalangidwe mwambo umenewu, amabuma nathawira kugalaja. Pakutha pa maola awiri dona amalipira ndi nkhope yowala, nabwezera maluwa ndi zithunzi za adzukulu pamwamba pa piyanoyo, osaikhudzanso kufikira tsiku lodzabweranso ife.

Musayese kuti ikagona yosaimbidwa imapeza bwino. Imadwala ndi nyengo, monga ng'oma yogona m'mame imene silira kufikira itawambidwa pamoto. Thabwa lake lam'kati likamwa chinyezi cha mvula yamabingu ya mu December limafufuma, mawu nakwera. Chisanu chouma cha kumtunda kuno chikafika limafota, mawu natsika. Ndipo ina yochokera ku Durban, kunyanja yamchere, imafika pong'aluka. N'chifukwa chake imafuna sing'anga wake kawiri pachaka, ndiponso siikidwa padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Adani ake enanso ndiwo njenjete, zimene zimadya ubweya wa tinyundo tomenya nsambo, ndi makoswe. Tsiku lina titazula makiyi tinapeza chisa chathunthu, ana ali phee pa ubweya wodula. Bwana wanga anagwira m'mutu ndi chisoni, pamene ine, Mulungu andikhululukire, ndinangomeza malovu pokumbukira mbewa zapampani za m'mbali mwa msewu wa ku Salima.

Tsono za kulemera kwake ndinene chiyani? Ngakhale yoimirira kukhoma imatha kupitirira makilogalamu 200, pakuti m'mimba mwake muli chimango chachitsulo chimene nsambozo zimachikoka ndi mphamvu yoposa matani 15. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma ife tinali mitu inayi pamasitepe a fulati ina ku Hillbrow, ndipo msana wanga ukuchitabe umboni. Ndi kondakitala uti amene angailole pakati pa mabulangete ndi mafiriji, kudutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi m'ng'anjo ya ku Tete? Ikanati ifike ku Nkhotakota, chinyezi cha nyanja chikanachititsa nsambo dzimbiri, chiswe chikanayamika Chauta chifukwa cha phwando, ndipo wodzaichuna mukanamupeza kuti, poti ine ndikali pa udindo wogwira tochi?

Chifukwa chake, atsibweni, uzani akulu a mpingo kuti pa Khirisimasi ndidzatumiza kiyibodi yamagetsi, imene mwana angainyamule kukhwapa. Iwo ayambiretu msonkhamsonkha wa sola ndi batire. Amayi muwauze kuti sindinasanduke mtchona, ndipo wobwera kuno amupatsireko usipa wouma ndi ufa wa kondowole.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wonyamula chikwama ku Joni.